Msuzi wa nsomba wa tomato womwera m'mbale, wa masiku a chiperoni

Nyumba zambiri kuno ku Mulanje msuzi timauphikira nsima: pang'ono pansi pa mbale ya ndiwo, wongokwana kunyowetsa mbamu. Umene ndikufotokoza pano ndi wina. Ndi msuzi wambiri, wofiira, woti munthu amwe ndi supuni mpaka atuluke thukuta, nsomba zake zili zidutswa zathunthu, zosaphwanyika. Nyengo yake ndi ya June ndi July, chiperoni chikatsika kuchokera kuphiri la Chiperone ku Mozambique, phiri lathu osaoneka masiku angapo, zochapa osauma pachingwe, othyola tiyi akuweruka atanyowa mpaka m'chiuno. Mwamwayi, miyezi yomweyi ndi imene tomato amayamba kuchuluka pamsika, ndiye mphika umenewu sulira ndalama zambiri ngati mu February, pamene kamulu ka tomato atatu kamadula mochititsa manyazi.

Pophika ndiwo za nsomba tinazolowera kuika zonse nthawi imodzi: nsomba pansi, tomato ndi anyezi pamwamba, madzi, mchere, basi pamoto. Pa ndiwo zimatheka. Pa msuzi uwu mukatero mupeza madzi ofiira opanda kukoma, nsomba itasungunuka, minga ili paliponse. Apa chilichonse chili ndi nthawi yake. Mitu ndi mafupa ziwire pazokha. Tomato apse payekha mpaka alekane ndi mafuta. Mnofu wa nsomba ulowe kumapeto kwenikweni, ndipo ukalowa, mthiko muupachike.

Nsomba yoti mugule

Aliyense amayamba waganiza za chambo, ndipo n'zoona kuti mnofu wake ndi woyera, wogwirana, minga yake ndi ikuluikulu yosavuta kuchotsa. Koma chambo chofika pa Chitakale kapena pa Luchenza chayenda ulendo wautali kuchokera ku Mangochi, ndipo mtengo wake umanena wokha. Makumba amene alimi amaweta m'madamu ndi abale ake a chambo, amachepa msinkhu chabe. Mukamva kuti wina akukolola damu lake, pitani ndi beseni. Nsomba imene inali kusambira m'mawa womwewo imaposa chambo chimene chagona pa ayezi masiku atatu.

Mlamba ndiye umapereka mafuta ndi kulemera kwa msuzi. Ulibe mamba, ulibe timinga ting'onoting'ono, choncho pakhomo pamene pali ana aang'ono ndi umene sudetsa nkhawa. Milamba yambiri imene timaiona kuno imachokera ku nyanja ya Chilwa kudzera ku Phalombe, ina ku Shire, ndipo kawirikawiri imabwera yowamba. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kutsala pang'ono kutheratu mu 2018. Chaka chimene madzi achepa kumeneko, mlamba ndi matemba zimasowa pamsika ndipo mudzadalira za m'madamu. Mlamba wauwisi ukapezeka, tengani. Wowamba nawo uli ndi njira yake, ndifotokoza kutsogoloku.

Karapau ndi nsomba ya m'nyanja ya mchere, imabwera youma ndi ayezi m'makatoni. Ndi yotsika mtengo, yonona, koma fungo lake ndi lamphamvu moti ikachuluka imaphimba zina zonse. Ine ndimati isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a nsomba zonse. Pogula muyang'anitsitse. Magetsi akathimathima, karapau amasungunuka mufiriji ya wogulitsa n'kuumanso, ndipo mudzamudziwa ndi madzi a magazi amene aundana pansi pa pepala ndi mimba yofewa yong'ambika. Ameneyo musiyeni. Nsomba za mtundu umenewu zikatenthedwa zimapanga poizoni amene moto supha. Munthu akadya amayabwa, nkhope imatentha, mutu umawawa, ngakhale mphika unawira bwinobwino.

Kwa anthu 6, nsomba zokwana kilogalamu imodzi ndi theka ndi zokwanira. Kusakaniza kumene ndimakukonda ndi makumba 3 kapena 4 ndi mlamba umodzi wapakati. Musalole wogulitsa akuchotsereni mitu. Mukapeza wina akugulitsa mitu payokha motchipa, onjezerani iwiri.

Nsomba yabwino maso ake amakhala owala, otukuka, osati olowa m'kati ndi otuwa. Tsegulani kuseri kwa mutu muone zofiira zopumira zija: zikhale zofiira ndithu, osati zakhofi kapena zoterera. Dinani pamsana ndi chala. Mnofu ubwerere m'malo mwake. Ndipo nunkhizani, musachite manyazi ndi wogulitsa, ndalama ndi yanu.

Zina zofunika

Tomato wakupsa kwambiri kilogalamu imodzi, ndiye kuti 10 kapena 12 apakati. Anyezi 3. Tizigawo 5 ta adyo. Jinja wotalika ngati chala chachikulu. Mbatatesi 4, karoti 2, tsabola wobiriwira wosawawa mmodzi ngati alipo. Kambuzi mmodzi kapena awiri. Mafuta ophikira masupuni aakulu 4. Mandimu 2. Mchere. Madzi malita 2. Mapoto awiri, ina yaikulu yokhala ndi chivundikiro, ndi sefa.

Pa tomato ndiimepo pang'ono. Wofiira kunja koma wolimba, m'kati muli moyera, sapsa bwino ndipo msuzi wake umawawasa. Funani amene wogulitsa wamuika pambali chifukwa wayamba kufewa ndipo akuopa kuti mawa sagulika. Ameneyo ndiye wanu, ndipo mtengo mukambirana. Wovunda ayi, wa nkhungu ayi, wofewa chabe. Amene amadutsa pa Bvumbwe pochokera ku Limbe ali ndi mwayi wosankha. Tomato wotalika uja, wa mnofu wambiri ndi madzi ochepa, amalimbitsa msuzi msanga. Timapwetekere tating'ono tomera tokha kuseri kwa nyumba timakoma kuposa onsewa, koma ndi towawasa ndipo njere zake n'zambiri, ndiye muzingoonjezera dzanja limodzi pa tomato wina uja.

Kukonza nsomba

Palani mamba a makumba panja, chifukwa amauluka. Potumbula, lowetsani nsonga ya mpeni mosazamitsa, kuyambira kumchira kupita kumutu, kenako tulutsani matumbo onse pamodzi ndi zala. Chimene mukuchisamala ndi ndulu, kathumba kobiriwira komata pachiwindi. Ikaphulika, tsukani pomwepo ndi madzi ambiri ndipo dulani mnofu umene wasanduka wachikasu, apo ayi mphika wonse uwawa. M'mimba mwa makumba muli kakhungu kakuda ndi magazi oundana motsatira fupa lamsana. Palani zonsezi ndi chala kapena supuni. Fungo la matope limene anthu amadandaula nalo pa nsomba za m'damu limachepa mukachotsa zimenezi.

Mlamba ndi woterera. Upakeni phulusa la pambaula thupi lonse, pukutani mwamphamvu ndi dzanja, tsukani. Ena amauthira madzi otentha n'kupala ndi mpeni mpaka zoyera zija zitachoka, zonsezi zimagwira. Chenjerani ndi minga yolimba ya m'zipsepse za m'mbali mwa mutu, imabaya ndipo bala lake limapweteka, idulireni poyamba. Mutu wa mlamba ndi fupa lolimba, uswani pakati ndi chikwanje kuti utulutse zonse zili m'katimo.

Tsopano dulani mitu, michira ndi zipsepse, muziike m'mbale yakeyake. M'mitu monse chotsani zofiira zopumira zija. Anthu ambiri amazisiya, koma ndi zimene zimadetsa msuzi ndi kuupatsa kakuwawa. Zimachoka pozikoka ndi zala kapena kuzidula ndi sizasi.

Ngati dzanja lanu ndi lozolowera, sendani mnofu wa makumba kuuchotsa kufupa: gonekani nsomba pathabwa, lowetsani mpeni pamsana, muuyendetse mogundiza fupa mpaka kumchira, tembenuzani, chitaninso chimodzimodzi. Mafupawo apite kumbale ya mitu. Ngati simunazolowere, musavutike, ingodulani zidutswa zopingasa za zala zitatu m'lifupi, ndipo odya adzachotsa okha minga. Mlamba udulidwe zidutswa zozungulira za zala ziwiri kapena zitatu. Khungu lisiyeni, ndi limene limagwira mnofu kuti usamwazike.

Zidutswazo ziwazeni mchere wokwana supuni yaing'ono imodzi, finyirani theka la ndimu, vundikirani, ikani pozizira. Mchere umalimbitsa mnofu. Ndimu musachulutse, chifukwa imayamba kuupsereza mnofu n'kuusandutsa woyera ndi wofumbutuka usanaone moto.

Madzi a mitu

Ikani mitu, mafupa ndi michira mupoto yaikulu, thirani madzi ozizira malita 2. Ozizira, osati owira kale. Onjezerani anyezi mmodzi wodula pakati, karoti mmodzi, theka la jinja uja wongophwanya, ndi mchere pang'ono. Ikani pamoto osavundikira.

Madzi akayandikira kuwira mudzaona thovu lotuwa likusonkhana pamwamba. Liwengeni ndi chipande, mutaye. Libweranso kawiri kapena katatu, muzichotsabe. Likatha, chepetsani moto. Pambaula ndiye kuti kuphula makala ena kapena kutseka kakhomo ka mphepo. Pamafuwa, kokerani nkhuni kunja zitsale ziwiri. Poto izingonyenyemera, tithovu tikutuluka apa ndi apo, osati kubwata mogubuduza mitu. Moto waukali umasakaniza mafuta ndi zinyenyeswa m'madzi, msuzi n'kukhala wamatope.

Mphindi 25 mpaka 30 zakwana. Mafupa a ng'ombe ndiwo amafuna theka la tsiku. A nsomba amapereka zawo msanga, ndipo mukawapitiriza amayamba kuwawa. Phulani, sefani madziwo m'chiwiya china. Ngati sefa yanu ndi ya mabowo aakulu, yalanimo kansalu koyera kuti kamunga kasadutse. Mitu ikazizira, tolanimo mnofu, makamaka wa m'masaya ndi kuseri kwa mutu wa mlamba, muusunge pambali. Ophika ambiri mnofu umenewu sufika n'kumphika komwe, umathera pakamwa, ndipo sindingawadzudzule.

Lawani madziwo. Azimveka nsomba, koma osati kukoma kwenikweni. Kukomako kubwera ndi tomato. Muyenera kutsala ndi lita imodzi ndi theka kapena kupitirirapo pang'ono.

Tomato

Pamene mitu ikuwira, manja asakhale. Makoko a tomato m'ndiwo sitiwaona, koma m'msuzi womwa amayandama atapindika n'kumamata kukhosi. Njira yachidule yowachotsera ndi iyi: dulani tomato pakati, mumupale pa chopalira karoti mbali ya mabowo aakulu, mnofu ugwere m'mbale, khoko litsale m'manja. Wopanda chopalira alembe mtanda ndi mpeni kunsi kwa tomato aliyense, awaviike m'madzi owira kwa theka la mphindi, kenako m'madzi ozizira. Khoko limasendeka ndi zala. Mukatero duladulani tinthu ting'onoting'ono, madzi ake musataye.

Anyezi awiri otsalawo muwadule mopyapyala. Adyo ndi jinja wotsala musinje mukamtondo ndi kamchere kuti zisathawe.

Tsukani poto yaikulu ija, iume, ibwerere pamoto wapakati ndi mafuta. Anyezi alowe ndi kamchere pang'ono. Apa pamafunika mtima: mphindi 8 kapena 10, mukutakasa, mpaka afewe, achepe, ayambe kufiirira m'mphepete. Asapserere. Anyezi wopserera kuwawa kwake sikubisika ndi chilichonse, bola kutaya n'kuyambiranso, mtengo wa anyezi awiri ndi wochepa poyerekeza ndi nsomba. Akafika, ikani adyo ndi jinja, mutakase kwa mphindi imodzi yokha, fungo likangokwera thirani tomato yense.

Apa ndi pamene msuzi umakomera kapena kulephera. Poyamba poto idzadzaza madzi, tomato akuoneka wotuwirako, akununkha uwisi. Musavundikire, madziwo achoke. Muzitakasa pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu, mukupala pansi. Pakatha mphindi 15 mudzaona akulimba, mtundu ukusintha kupita kofiira kwakuda. Phokoso nalo limasintha: kubwata kwa madzi kumatha, kumabwera kuthetheka kwa mafuta. Pitirizani. Chizindikiro chake ndi mafuta ofiira akuonekera m'mphepete mwa poto ndi m'timaenje ta pamwamba, ndipo mukakoka mthiko pakati, njira yake imakhala kanthawi isanatsekeke. Akhale wolimba ngati phala la mwana. Kawirikawiri zimatenga mphindi 20 mpaka 25, tomato wa madzi ambiri kuposerapo.

Lawani. Ngati akuwawasabe mokwinyitsa nkhope, ikani theka la supuni yaing'ono ya shuga, osapitirira. Soda musayerekeze; ndi wa therere ndi chigwada, muno amapha kukoma ndi mtundu womwe. Ngati tomato wanu anali wosapsa bwino ndipo mtundu ukukana, kapaketi kamodzi ka tomato wa m'sitolo wophikaphika uja kamathandiza, koma mukakazinge pamodzi ndi mnzakeyo mphindi zitatu, osangokathira m'madzi kumapeto, chifukwa kamamveka chitini.

Okonda zokometsera aike pano theka la supuni yaing'ono ya chikasu kapena ufa wa kale (curry). Ine ndimaona kuti nsomba yabwino siifuna, ndipo timabuloko ta supu tija timachititsa kuti mphika uliwonse uzikoma mofanana, wa nkhuku ndi wa nsomba osasiyana. Mwavutika kale kuwiritsa mitu, ilekeni imveke.

Kuphatikiza

Mbatatesi zisendeni, muzidule timabokosi tokwana pasupuni, karoti wotsala mopyapyala. Ziponyeni mutomato, mutakase kuti zivale, kenako thirani madzi a mitu aja pang'onopang'ono mukupala pansi pa poto kuti zomata zisungunuke. Ponyanimo kambuzi wathunthu, wosadula. Kambuzi wathunthu amapereka fungo lake lija popanda ukali wonse, ndipo mudzamuvuula musanapakule. Akaphulikiramo, ana sadya, ndiye mumuyang'anire, akayamba kufewa kwambiri mutulutseni.

Vundikirani mosiya kampata, ziwire pamoto wapakati mphindi 15, kapena mpaka mbatatesi ikulowa foloko mosavuta. Tomato amachedwetsa mbatatesi kupsa, choncho musadabwe ikatenga nthawi kuposa masiku onse. Ikapsa, phwanyani zidutswa zinayi kapena zisanu pambali pa poto ndi mthiko, mutakase. Msuzi ulemera popanda ufa. Tsabola wobiriwira alowe tsopano.

M'malo mwa mbatatesi, chinangwa chosawawa chimachita bwino, mungochotsa mtsitsi wapakati n'kuchipatsa nthawi yochulukirapo. Nthochi zosapsa nazo zimayenda ndi nsomba, ngakhale kuti chiyambireni matenda a chisaka amene anapululutsa minda ya nthochi ku Thyolo, si zotola ngati kale.

Ino ndi nthawi yokonza mchere, nsomba isanalowe, chifukwa ikalowa simutakasanso. Lawani ndi supuni, mukumbukire kuti zidutswa zija zili ndi mchere wake kale. Onaninso kuchuluka kwa madzi: azitha kumiza nsomba zonse. Akachepa onjezerani owira, osati ozizira.

Nsomba ilowe

Chepetsani moto mpaka msuzi uzingonyenyemera. Khetsani madzi amene zidutswa zatulutsa m'mbale. Yambani ndi mlamba, chifukwa ndi wonenepa, muuike chidutswa chimodzichimodzi, osakhuthula. Pakapita mphindi 4 ikani makumba kapena chambo pamwamba, ndi karapau ngati alipo. Kanikizani pang'ono ndi kumbuyo kwa chipande kuti zimire, vundikirani.

Kuyambira apa mthiko usalowemo. Mukaopa kuti zikumata pansi, gwirani poto ndi nsalu mbali zonse ziwiri muigwedeze mozungulira. Zidutswa za mafupa zimapsa pa mphindi 8 mpaka 10; mnofu wosenda, 5 kapena 6. Vuulani chidutswa chachikulu kwambiri, muchitsegule ndi foloko pafupi ndi fupa. Mnofu ukhale woyera mpaka m'kati, ukulekana m'magawo ake, ukuchoka kufupa mosakakamiza. Ngati pafupa pakuonekabe pagalasi kapena pofiirira, bwezerani mphindi zina ziwiri. Nsomba ya m'madzi athu imadyedwa itapsa ndithu, za theka-theka ayi. Koma kupsa ndi kusungunuka ndi zinthu ziwiri, ndipo pakati pake pali mphindi zochepa, ndiye ino si nthawi yopita kukatunga madzi.

Bwezerani mnofu wa m'mitu uja, phulani poto, finyirani ndimu imodzi mukusefa njere ndi zala. Ndimu ilowe poto itachoka pamoto. Ikawira imataya fungo. Vundikirani, msuzi upume mphindi 5. Masamba a anyezi odula bwino kapena a koriyanda, ngati muli nawo, awazeni popakula.

Mukafuna kusintha

Mlamba wowamba umatulutsa msuzi wina, wautsi, wakuda pang'ono, umene akuluakulu ambiri amaukonda kuposa wa nsomba yaiwisi. Pogula uthyoleni pang'ono muone m'kati ngati mulibe tizilombo kapena ufa wa kufumbwa. Uviikeni m'madzi ofunda mphindi 15, tsukani mchenga ndi mwaye, mutu upite kumadzi a mitu monga mwa masiku onse. Mnofu wake ndi wolimba, choncho umalowa limodzi ndi mbatatesi, osati kumapeto. Theka wowamba, theka makumba aawisi, ndi mphika wabwino kwambiri pa ndalama zochepa.

Nkhanu za m'mitsinje yotsika m'phiri, monga Likhubula, Lichenya ndi Ruo, anyamata amazigwira pansi pa miyala, ndipo zimakometsa msuzi modabwitsa. Zikhale zamoyo pofika pakhomo; yofa kale itayeni. Zitsukeni ndi burashi, ziponyeni m'madzi owira, kenako chotsani chigoba cha pamsana ndi zotuwa zofewa za m'mbali, muphwanye miyendo ndi munsi. Ziwire limodzi ndi mitu nthawi yonse ija. Nkhanu ya m'madzi opanda mchere imatha kusunga tinyongolotsi tolowa m'mapapo a munthu, choncho kuiwotcha pang'ono pamakala n'kudya, monga amachitira ana kudambo, si bwino. Sefani mosamala kuti tizigoba tisatsale.

Amene amafika ku Limbuli kapena kuwoloka pa Muloza kupita ku Milange nthawi zina amapeza ma prawn ouma ang'onoang'ono, abale ake a nkhanu a m'nyanja ya mchere, ochokera kugombe la Mozambique. Dzanja limodzi ndi lokwanira. Atsukeni chifukwa amakhala ndi mchenga ndi mchere wambiri, muwasinje, muwakazinge pamodzi ndi adyo tomato asanalowe, ndipo muchepetse mchere wina. Ma prawn aawisi a mufiriji za m'masitolo a ku Blantyre ndi odula, koma mukawapeza, makoko ndi mitu yake ipite kumadzi a mitu, mnofu ulowe mphindi 3 zomaliza, ukapitirira umalimba. Dziwani kuti pali anthu amene thupi lawo limadana ndi nkhanu ndi ma prawn, amatupa milomo ndi kubanika, ndiye alendo muwauze zimene zili mumphika asanayambe kudya.

Anzathu a ku Zambezia, kumene kokonati ndi wosasowa cha ku Quelimane, amaphika nsomba ndi mkaka wake. Palani kokonati mmodzi, thirani kapu ya madzi ofunda, finyani pansalu. Mkakawo ulowe nsomba itangotsala pang'ono kuikidwa, ndipo moto ukhale wochepa kuti usadukeduke. Msuzi umasanduka wotuwirako, wofatsa, ndipo umafuna kambuzi wochulukirapo. Nsinjiro ndimazisiyira masamba. Muno zimalemeretsa msuzi mopitirira ndipo nsomba imabisika.

Usipa ndi matemba ouma musawaike m'msuzi uwu ngati nsomba yodya, minga yake ndi yambiri. Koma tsiku limene mitu yachepa, dzanja limodzi la usipa wochotsa mitu ndi matumbo, wotsuka bwino, limalimbitsa madzi aja, n'kusefedwa pamodzi ndi mafupa.

Kupakula ndi kusunga

Pakulani ndi chipande chachikulu, kuyamba nsomba, chidutswa chimodzichimodzi m'mbale zakuya, msuzi pambuyo. Mbale za ana aang'ono muyambe mwazisanthula ndi zala zoyera, ngakhale zitakhala za mlamba. Patebulo pakhale ndimu wodula, kambuzi wosinja ndi mchere kapena botolo la Nali kwa ofuna moto, ndi kambale kotayamo minga. Buledi kapena masikono oviika zimakwanira. Mpunga wa Kilombero supuni ziwiri pansi pa mbale umasandutsa msuziwu chakudya chamadzulo chathunthu. Ndipo pakhomo pamene bambo sagona osadya nsima, phikani nsimayo, palibe mlandu; mungowapatulira msuzi wawo m'kapoto muuwiritse pang'ono kuti ulimbe.

Wotsala usagone mupoto ya aluminiyamu. Tomato amadya chitsulocho, m'mawa msuzi umamveka poto. Ukhuthulireni m'mbale ya pulasitiki kapena ya enamelo yovundikira, ndipo ngati muli ndi firiji ulowemo pasanathe maola awiri chiphulireni. Mmenemo ukhala masiku awiri. Popanda firiji, ngakhale kuzizire bwanji, phikani wokwana kudya tsiku lomwelo. Ngati mukudziwa kuti anthu adya mosiyana nthawi, gawani msuzi nsomba isanalowe, ndipo gawo lachiwirilo mudzaliwiritse n'kuikamo nsomba yake odyawo akafika. Potenthetsa wa mufiriji, vuulani zidutswa za nsomba poyamba, msuzi uwire ndithu, kenako zibwezereni zikhalemo mphindi zitatu kapena zinayi mpaka zitenthe mpaka m'kati.